Pakamwa pa Yona Panali Rozina

Yona wa ku Nathenje anali munthu wolongolola, koma chikamwini chinamusoka pakamwa. Anakwatira Dorica kufupi ndi Mitundu m'masiku a Chitaganya, ndipo mwambo ankaudziwa: mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi maso ndi maso. Akakumana panjira, iye ankapatukira kutchire, kaya kuli minga. Mwana wake Rozina atadziwa kulankhula, ndiye anasanduka pakamwa pake. "Rozina, kawauze agogo kuti mbuzi zalowa m'dimba." Kamwana n'kuthamanga.

Tsiku lina masana, Dorica ali kumsika, malungo anamugwira Rozina. Thupi moto, maso atatembenuka, manja akugwedezeka okha. Agogo ake, a Nachisale, anamufungatira pakhonde. Yona anaima kuseri kwa nkhokwe atagwira njinga, mtima uli m'mwamba. Ankafuna kuthamangira naye kuchipatala ku Likuni, koma mwana ndi wa kuchikazi, mkamwini sangangomunyamula ngati thumba la chimanga. Amalume a mwanayo anali kutali ku Halale. Nanga apemphe kudzera mwa yani?

"Rozina," anaitana Yona, "uwauze agogo kuti njinga ilipo."

Mwana zii.

"Rozina," anatero a Nachisale akuyang'ana kukhoma, "uwauze abambo ako kuti tidikire amayi ako."

Kalanga ine, akuluakulu awiri kumatuma mwana woti sakumva n'komwe! Yona anagwidwa ndi mantha. Akadikira, mwana apita. Akalankhula, mudzi wonse uti mkamwini wa ku Nathenje alibe mwambo, mwinanso n'kumulongedzetsa katundu. Apo Rozina anaumanso thupi, thovu lili kukamwa.

Yona anatulukira poyera, n'kugwada. "Amayi, mwanayu atifera. Kwerani njinga."

A Nachisale anamuyang'ana kumaso, koyamba chikwatirire mwana wawo. Anabereka Rozina, n'kukwera pakaliyala, dzanja litagwira malaya a mkamwini. Azimayi amene anali pachitsime anagwira pakamwa. Njira yonse gogoyo ankangoti, "Palasani bambo, palasani!"

Dzuwa litapendeka, atamubaya jakisoni kuchipatala kuja, Rozina anatsegula maso n'kupempha madzi. Yona anatembenuka kuti anene kanthu kwa apongozi ake, koma anapeza atafulatira kale, nsalu atafunda kumutu.

"Rozina," anatero a Nachisale, "uwauze abambo ako kuti ndathokoza."