Magazi a mayi Asiyatu pa Songani

Ndinanyamuka pa kachipatala kathu ku Malemia 7 koloko m'mawa, nditakumbatira kabokosi koziziritsira ngati khanda. Munali timabotolo tisanu ta magazi a anthu odzipereka. Ofufuza a ku Zomba ankafuna kuona ngati timadzi ta bowa wolimidwa ndi seleniyamu, mchere umene umaperewera m'nthaka yathu, tingawonjezere mphamvu asilikali a m'thupi. Anandichenjeza kuti ikakwana 10 koloko ndisanafike, asilikaliwo ayamba kufa, ndipo anthu aja adzakhala kuti ndawabaya pachabe.

Wakabaza anandifikitsa pa msewu wa tala ndi K1,000, akudandaula njira yonse kuti ndikusamala bokosi kuposa moyo wanga. Minibasi inali yodzaza, koma kondakitala, ndi maso awo aja, anaonamo malo a anthu ena atatu.

Pa Songani tinaima kudikira okwera. Bambo wina wa jekete, poganiza kuti ndanyamula nsomba, anavundukula bokosi osapempha. Anaona magazi. Wina ananong'ona za anamapopa, dalaivala n'kuzimitsa injini. Kunena zoona, ndinachita mantha, pakuti mphekesera imeneyi inapwetekesapo anthu. Ndinatulutsa kalata ya kuchipatala, koma panalibe wofuna kuiwerenga.

Kumpando wa kumbuyo kunali mayi Asiyatu, ogulitsa mpunga, amene ndinawatenga magazi m'mawa womwewo. Ndinali ndisanawaone chifukwa thumba lawo la mpunga linawabisa. Anapinda mkono wa malaya n'kuonetsa pulasitala.

"Botolo limodzi mmenemo ndi langa. Ndapereka ndekha, kunja kukuwala, anesi awa atandipempha mwaulemu. Adalaiva, tiyeni, magazi anga akuchedwa."

Anthu anaphulika nako kuseka. Bambo wa jekete anatseka bokosi mosamala, ndipo potsika ku Zomba anandinyamulira chikwama kuti manja anga onse akhale pabokosi.

Ndinafika patatsala theka la ola. Ofufuza anayang'ana pa makina awo n'kunena kuti asilikali onse ali moyo. Zoti bowayo amathandizadi kapena ayi sanatiuzebe, akuti zimafuna nthawi.

Kalata yanga inali ndi chidindo ndi siginecha, koma chimene chinandipulumutsa ndi kapulasitala ka pa mkono wa munthu wa kwathu. Mpaka lero mpunga ndimagula kwa mayi Asiyatu, ndipo sindinenerera.