Tsiku Limene Tinaika Apongozi Anga a ku Hiroshima

Foni ndi imene inandidzutsa kusanache. Amayi a kutchalitchi amene anachezera nafe anali akadagona pa kapeti, atafunda zitenje. Amuna anga, a Ken, anakaiyankhira pa masitepe. Anali amalume awo a ku Japan. Ndinkayesa akupepesa maliro a mlongo wawo, apongozi anga, mayi Fumiko. Ayi ndithu. Ankapempha kuti m'makalata opita kwa abale tisatchule zoti amayiwo anali ku Hiroshima tsiku limene kunaponyedwa bomba la atomiki, poti mwana wamkazi wa amalumewo anali pa chitomero ndipo akuchimuna sankadziwa.

A Ken anadula foni osatsanzika. Ine ndinalowa m'khitchini.

Ndine ndinkawasambitsa amayiwo miyezi yonse imene khansa inkawadya. Ndinabwera ku Coventry, kuno ku Mangalande, kudzaphunzira unamwino, mabala ndawaona ambiri, koma msana umenewo ndi wina. Zipsera zotukuka ngati zingwe, kuyambira m'khosi kulekeza m'chiuno. Anapsa ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anandiuza okha kuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha madokotala achilendo ankabwera kudzawatenga pa galimoto, kuwavula, kuwajambula, kuwapopa magazi, koma mankhwala osawapatsa. Mabanja awiri anawakana, ati adzabala ana opuwala. Anadzakwatiwa ndi msilikali wa kuno, malemu apongozi anga aamuna, n'kukhala chete zaka zonsezi. Amayiwo atadwala, a Ken analemba kalata ku Japan. Yankho linali lakuti chithandizo cha opulumuka bomba n'cha okhala m'dzikomo okha.

Kunacha ndi dzuwa loswa mtengo. Azibambo anayatsa makala kuseri kwa nyumba, nkhuku zili pamoto, mpunga m'mapoto obwereka. Anthu anayamba kufika: a ku Lozells pa minibasi, a ku Bilston ena akuchokera ku shifiti, maso ali gwa. Amalawi amene amayiwo anangowaona kawiri katatu anadzaza nyumba mpaka panja. Ku Japan sikunachokere munthu, ngakhale maluwa.

Chinali chaka chimene kuno ankakumbukira zaka makumi asanu chithere nkhondo. Galimoto ya maliro inadutsa pansi pa timbendera tomangidwa m'misewu, ife pambuyo tikuimba chapansipansi. Ndinkangoziyang'ana mbenderazo.

Kumanda abusa atamaliza, a Ken anapempha kuyankhula. Pepala analibe.

"Mayi anga anali ku Hiroshima," anatero. "Anapsa, anthu awo omwe anachita nawo manyazi, ndipo m'mawa uno ndauzidwa kuti ndisanene. Ndanena."



Tikutuluka, bambo wina wokalamba wa mumsewu mwathu, atavala mamendulo pachifuwa, anandigwira dzanja.

"Anali mayi wabwino," anatero. "Koma pakanapanda bomba lija, ine ndikanafera m'nkhalango ku Burma, pomenyana ndi asilikali a Japan."

"Anali mwana wa sukulu, bambo," ndinayankha, n'kuchotsa dzanja langa. Mwina amanena zoona. Koma anasankha kuzinena dothi lili liwisi.

Madzulo anthu anabalalika. Mbale zinatsukidwa, mipando ya kutchalitchi inabwerera. Tinatsala atatu. Mwana wathu Chikondi, wa zaka zisanu ndi zitatu, amene anamva zonse kumanda kuja, anabwera kudzaima pafupi nane n'kufunsa m'Chingerezi ngati nayenso ali ndi bomba m'magazi.

"Ayi!" ndinakuwa. "Wakuuza zimenezo ndani?"

Mwanayo anadzidzimuka, n'kuyamba kulira. Ndinamukokera pachifuwa ndikumupepesa. A Ken anali pa mpando, akadali mu suti yakuda, akutiyang'ana. Palibe anayatsa magetsi.