Chifuwa Chimene Abambo Anasiya

Ndinadzuka kusanache, ngati kusinza utatsamira khoma kungatchedwe kugona. Kuno kumtunda kwa Tsangano chisanu cha Juni sichichita masewera, choncho azimayi a kumpingo amene anachezera kuimba pasiwa anali atatseka mawindo onse. Pamphasa, pafupi ndi bokosi la abambo, panakhala amayi anga. Ankatsokomola.

Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa. Fumbi la ku migodi ya ku Joni linafoola mapapo a abambo kalekale, ndipo chifuwa chachikulu chitabwera sichinavutike nawo. Chipatala chili kutali, msewu ndi wa miyala, moti mankhwala anawasiyira panjira. Amayi ndiwo anawadwazika miyezi yonseyo m'kachipinda kothina, mbaula ili pakati. Tsopano ine ndinkafuna kupita nawo kukayezetsa, maliro akangoikidwa.

Kutacha, moto unayaka kuseri kwa nyumba. Ena ankasenda mbatatesi, ena kudula kabichi, utsi utasakanikirana ndi nkhungu. Anthu anayamba kufika, a m'midzi yapafupi ndi ena ochokera kutsidya kwa malire, akuyamba kulira akangoona denga lathu. Aliyense ankalowa kukakhala pafupi ndi amayi. Ndinkaopa kuti angatengeko chifuwacho, koma ungabweze bwanji munthu wodzapepesa?

Ndinakokera pambali azakhali, mlongo wawo wa abambo, n'kuwauza maganizo anga.

“Namfedwa satuluka pamudzi tisanamete,” anatero. “Mwanawe, ukufuna anthu atiseke?”

Ndinapsa mtima kwambiri. Amayi nawo atafunsidwa anati ndi chimfine chabe.

Mwambo wa mapemphero utatha tinanyamuka. Adzukulu ankalandizana bokosi pachitunda, nyimbo ikumveka motsika chifukwa cha mphepo. Amayi anaima kangapo kuti apume, azimayi awiri atawagwira m'mikono. Kumanda sanathe n'kulira komwe. Dothi litayamba kugwera pabokosi ndinalira ine, ndipo kunena zoona theka la misozi yanga silinali la abambo.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala phulusa, mabenchi a kutchalitchi ndi agalu onunkhiza pamafuwa. Azakhali anapita kukagona kwa achibale. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva kupuma kwa amayi ndili pakhomo.

Anandiitana. Ndinalowa ndi mwana wanga kumsana, ndipo iye atatambasula manja kuti agogo ake amunyamule, amayi anatembenuzira nkhope kukhoma. Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kundionetsa. Panali magazi.

“Mwanayu usabwere nayenso muno,” anatero motsitsa mawu. “Kamuuze wa njinga yamoto afike mmamawa, azakhali ako asanadzuke. Tsitsili adzameta ndikabwerako. Ndikapanda kupita, mudzameta kawiri.”