Nyenyezi ya khadi la kusikelo

Lero ndapeza khadi lakale la kusikelo m'sutikesi, ndipo landikumbutsa Khirisimasi ina ndili mwana.

Asisitere anati tibweretse mapepala amitundu, tipinde nyenyezi zomata pamawindo a tchalitchi. Kwathu kunalibe mapepala otero, koma m'chikwama chomwe amayi ankapita nacho ku Lizulu munali khadi lapinki la mng'ono wanga wakhanda. Ndinalidula, kulipinda nsonga zisanu, n'kulimata ndi phala.

Pa Misa dzuwa linawomba pawindo. Amayi, omwe anasaka khadilo sabata yathunthu poopa kubwezedwa kusikelo, anayang'anitsitsa nyenyeziyo. Mzere wa kulemera kwa mwana unkaonekera bwinobwino.

"Wapinda ndani imeneyo?" ananong'ona.

"Ine, amayi. Mwaikonda?"

Anangomangitsa nsalu ya mwana kumsana n'kupitiriza kuimba.