Chilombo Chotsimphina

Mayi Telala anakwatiwa ndi chilombo cha kumwezi. Umu ndi mmene ankanenera anthu a mumsewu wawo, chifukwa amuna awo ndiwo ankavala chikopa cha chilombocho m'sewero lakale la pa kanema, lija la anthu oyenda mlengalenga. Chikopacho anasoka ndi mayiwo, kulumikiza machubu a matayala, ndipo bambowo akachivula ankanunkha mphira mpaka mawa lake. Mwendo wawo wamanzere unali waufupi chibadwire, choncho chilombonso chinkatsimphina. Ana ankatsanzira kayendedweko popita kusukulu, bambowo n'kumaseka mpaka misozi.

Bambowo anatsikira kulichete kalekale. Chaka chino sewerolo alikonzanso mwamakono, ndipo mdzukulu wamkazi anawakhazika agogo ake pampando kuti aonere.

Chilombo chinatulukira chili nyezinyezi, chikuthamanga ngati mphepo, miyendo yonse yowongoka.

"Ameneyu ndani?" anafunsa mayiwo.

"Ndi chilombo cha agogo aamuna chija, koma cha pakompyuta. Achikongoletsatu!"

"Achikongoletsa? Ali moyo palibe anawagulira ngakhale ndodo, lero ali m'manda ndiye awachiritsa mwendo? Anapempha kwa ndani?"

"Agogo, anthu a masiku ano sangaope chilombo chotsimphina."

"Ankachiopa ndani? Ankachikonda, chitsiru iwe!"

Ananyamuka n'kuzimitsa okha kanemayo.

"Imirira," anauza mdzukuluyo. "Koka mwendo uwu. Phewa ligwe chonchi. Ayi, osati ngati woledzera!"

Awiriwo anadutsa pabalaza akutsimphina, mayiwo patsogolo, akutukwanabe chapansipansi.