Unkhoswe wa pa Laputopu

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kukambirana akayambana. Ndimaphunzitsa pa intaneti ndili m'chipinda changa ku Chilomoni, ophunzira ali m'timabokosi pa laputopu. Kafukufuku wanganso anali wa zomwezo: kodi anthu okangana angamvane asanakhale pansi malo amodzi? Pamisonkhano ndinkayankha molimba mtima kuti inde.

N'chifukwa chake banja la achemwali anga litayamba kugwedezeka, amalume anati ndibwere ndi makina angawo. Alamu anali ku Joni kwa zaka, ndipo ngakhale foni anali atasiya kuimba. Ankhoswe a mbali zonse anapangana zokumana kunyumba kwa achemwaliwo ku Machinjiri, mwini nkhaniyo alowe pa vidiyo. Funso linali limodzi: banja lilipo kapena latha?

Ndinaika laputopu pa mpando moyang'ana akuluakulu. Alamu anatulukira pagalasi la laputopuyo atavala chipewa. Akulu awo, amenenso anali nkhoswe yawo, anakhosomola.

"Vula chipewacho, iwe. Uli pamaso pa anthu."

Anavula, ndipo mtima wanga unakhalako pansi.

Amalume anayamba. Iwo akatsegula pakamwa, mvula imatha kugwa mpaka kukata asanamalize. Anayambira pa tsiku la chinkhoswe, nafika pa ana awiri amene akukula osamva mawu a bambo awo, nakumbutsa kuti banja ndi kupirirana. Achemwali anakhala pansi pafupi ndi chitseko, akupotokola nsonga ya chitenje. Alamu ankangogwedeza mutu.

Kugwedeza kumeneko ndinakuzindikira. Ndimakuona mlungu uliwonse kwa wophunzira amene watsitsa mawu a pa makina ake n'kumawerenga zake: maso amayendayenda m'mizere, mutu ukuvomera pamene palibe chovomera. Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha. Ndikanena, ndiye kuti ine wamng'ono ndawadula amalume pakamwa, n'kuyalutsa mlamu pamaso pa mkulu wake. Ndikakhala chete, ndiye kuti akuluakulu onsewa akulankhula ndi khoma, pomwe nkhaniyo ndi ya moyo wa achemwali anga. M'kalasi ndikanangomutchula dzina wophunzirayo, koma apa sindinali mphunzitsi wa munthu.

Ndikulimbanabe ndi maganizo, amalume anafika pachimake. Anaweramira ku laputopu.

"Ndiye tiuzeni, bambo. Mwana wathuyu timutenge, banja lithere pompa?"

M'nyumba monse munati zii. Bata limenelo ndi limene linawadzidzimutsa alamu, chifukwa anaona kuti milomo yasiya kuyenda. Anakweza maso, namwetulira mwaulemu.

"Eya, amalume. Zonse mwanenazo ndagwirizana nazo."

Akulu awo aja anagwira kumutu. Amalume anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, manja ali pa mawondo.

"Sanamve," ndinatero. "Anatsitsa mawu kumene aliko. Chonde, tiwafunsenso. Alamu, takwezani mawu a foniyo."

Achemwali anadzuka. Sanalire, sanayang'anenso nkhope imene inali pagalasipo. Anadutsa mowerama pamaso pa akuluakulu, nafika pa mpando, natseka laputopu modekha ndi dzanja limodzi.

"Usavutike, mng'ono wanga," anatero. "Ngakhale pamene ankagona m'nyumba muno, ankandimvera chomwecho."