Gadiyani wa Amayi

Digiri yanga yoyamba inali ya zausodzi. Mwana wamkazi wa msodzi wa ku Kande kupita ku yunivesite kukaphunzira nsomba! Anthu anaseka ndikupita, anasekanso nditabwerako, chifukwa ntchito sinapezeke. Ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha zidendene. Pomaliza ndinalowa ntchito pa loji ina ya alendo, kuyala mabedi ndi kukokolola mchenga m'mabafa. Achimwene anga aakulu ankakonda kundifunsa pagulu kuti usipa wa m'buku ukugwidwa bwanji chaka chino.

Choncho nditamva kuti sukulu ina ya unamwino yatsegula kozi yaifupi ya anthu amene ali kale ndi digiri, sindinafunse kawiri. Zimene ena amaphunzira zaka zinayi, ife timayenera kuzimeza mu theka la nthawiyo. Tsiku loyamba mkulu wa sukulu, mayi wosadziwa kumwetulira, anatiuza mosapsatira kuti kozi imeneyi ilibe tchuthi, ilibe chinkhoswe, ilibe maliro a kwa aneba. Wojomba kuwodi nthawi yaitali, malo ake atha. Tonse tinali akuluakulu otopa ndi ulova: wina anali ndi digiri ya zaulimi, wina ya mbiri yakale, wina anagulitsapo kaunjika digiri ili m'sutikesi. Palibe anadandaula.

Ndinaikonda kozi ija, ndinene poyera. Kanali koyamba kuona manja anga akufunidwa ndi munthu. Ndinaphunzira kuyeza bipi, kusambitsa wodwala ali pabedi, kumutembenuza kuti asachite zilonda kumsana. Amayi ndikawaimbira foni ankafuna kumva zonse, kenako n'kukazifotokoza kwa amayi anzawo a kutchalitchi atawonjezera mchere.

Chaka choyamba chili pafupi kutha, achimwene anaimba foni. Amayi anali atagwa kudambo kumene amaviika chinangwa, akunyamula dengu. Sitiroko. Mbali ya kumanja yonse inafa, pakamwa panapotoka. Ndinapempha masiku ochepa, n'kukwera basi.

Aliyense amene anagonekapo m'bale wake m'chipatala cha boma akudziwa kuti nesi amapereka mankhwala, koma kusambitsa, kudyetsa, kuchapa ndi kutaya mtsuko wa mkodzo ndi ntchito ya gadiyani, wachibale wogona pansi pambali pa bedi. Ndinapeza amayi ali ndi azakhali okalamba amene iwonso ankafunika wowagwira dzanja. Tsiku lotsatira abale tinakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda kuti tigwirizane za gadiyani. Panali achimwene awiri, akazi awo, ndi azakhali. Achemwali anga okwatiwa ku Usisya anangotumiza mawu akuti boti lavuta.

Ndinayamba ndine. Ndinati mutu umodzi susenza denga, tizisinthana, ine ndiwaonetsa kasambitsidwe ndi katembenuzidwe ndisanabwerere kusukulu.

"Mwana wamwamuna angavule ama ake?" anatero achimwene aakulu. "Iwe, sukulu isakuiwalitse mwambo."

"Nanga alamu angawa?"

Alamu onse awiri anayang'ana pansi, nkhope zofatsa ngati za pa mgonero. Azakhali ndiwo anawayankhira. "Mtengwa saona thupi la apongozi ake. Ama ako angafe ndi manyazi matenda asanawaphe."

Mwambo umenewu kwathu umakumbukiridwa pokhapokha pakakhala zonyansa zochapa. Alamu omwewa ankasamba ndi amayi padooko limodzi chaka ndi chaka, kutsukana misana, osafa ndi manyazi. Ndinanena zimenezo. Achimwene aang'ono anaseka pang'ono, n'kunena mawu amene mpaka lero amandiwawa.

"Tisavutane apa. Iwe ulibe mwamuna, ulibe mwana, palibe amene akulira ndi njala ukachoka. Komanso ntchito yake ndi imene ukuphunzirayo. Practical yabwino kuposa iyi uipeza kuti?"

"Akandichotsa sukulu?"

"Angachotse munthu wodwazika mayi ake? Ndi Akhristu omwe aja. Yewo, tamaliza."

Anadzuka, kukutumula fumbi kumathalauza, n'kupita kukakwera minibasi. Anasiya thumba la ufa wa kondowole ndi usipa wouma kuti ndiziphika ku shedi ya magadiyani.

Ndikanatha kunyamukanso ine. Ndinafika mpaka pasiteji chikwama chili kumsana. Koma m'mawa umenewo ndinali nditaona kumsana kwa amayi malo ofiira amene ndinkawadziwa bwino. Ndinkadziwa chimene malo otero amasanduka munthu akagona mbali imodzi osatembenuzidwa, fungo lake ndinkalidziwa, ndi mapeto ake. Abale anga sankadziwa, ndiye ankagona tulo. Ine maphunziro omwewo ndi amene anandimanga miyendo. Ndinabwerera kuwodi ndili ndi mkwiyo woti sindinathe kudya.

Ndinakhala gadiyani mvula yonse. Ndinkawatembenuza, kuwapaka mafuta, kuwamwetsa phala ndi sipuni pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Madokotala akamabwera kudzaona odwala, magadiyani tonse ankatitulutsa. Tsiku lina amene anatitulutsa anali kamtsikana ka sukulu ya unamwino, yunifolomu yowala, wotchi pachifuwa. "Magadiyani panja! Mayi inu a beseni, simukumva?" Ndinatuluka ndi beseni langa, n'kukaima pawindo pamodzi ndi anzanga, kusuzumira ngati ana oonera kanema wa eni.

Kusukulu anandiimbira kawiri. Kachitatu mkulu uja analankhula yekha. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anati akumvetsa, koma anzanga adutsa kale wodi ya ana ndi ya amayi oyembekezera, ndipo kozi yothamanga ilibe pobwerera kukatola wotsala. Anati ndidzayesenso akadzatenga gulu lina. Gulu linalo sanatengenso, akuti amene ankathandiza koziyo anasiya. Anzanga aja lero ali m'zipatala, ena anawoloka nyanja zazikulu. Ine ndinabwerera ku loji, ndipo mwayi wake anandilandira, poti ndimayala bedi mwaluso kuposa kale.

Amayi anachira mbali ina. Chilonda sanachite ngakhale chimodzi. Amayenda ndi ndodo, amalankhula mokoka, koma mawu amamveka. Sindinawauze chifukwa chimene sindinabwererenso kusukulu, iwonso sanandifunse. Ndikuganiza kuti akudziwa.

Atayamba kuyenda, banja linakonza zokathokoza Mulungu kutchalitchi. Alamu anasoketsa nsalu zofanana, ine sanandiiwale, anandipatsa yanga. Achimwene aakulu, amene ndi mkulu wa mpingo, anaimirira kutsogolo atavala jekete. Analankhula bwino, m'Chitonga chosalala, mpaka amayi ena anapukuta misozi. Anati banja lathu linagwirana manja pa nthawi yovuta. Kenako anandiloza.

"Taonani nzeru za Chiuta," anatero. "Iye anadziwiratu kuti ama adzagwa. Ndiye anatenga mlongo wathuyu, n'kumutumiza kusukulu kuti akaphunzire zokwanira kusamala ama basi. Atamaliza kuphunzira zimenezo, anamubweza kunyumba."

Tchalitchi chonse chinati amen. Kwaya inayamba nyimbo, anthu anaimirira, ndipo alamu anandikodola kuti nane ndiime. Sindinathe. Amayi anali atandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamoyo lija, mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, akuyang'ana pansi. Tinakhala choncho awiriwiri mpaka nyimbo inatha.